Mapu a Pakhoma a Dziko la Canada

Ndinagula mapu a dziko la Canada m'sitolo ina ya mabuku ku Braamfontein, muno mu Johannesburg, pofuna kuthandiza mwana wanga pa phunziro la jogalafe, ndipo ndakhutira nawo.

Chimene chandikondweretsa kwambiri ndi timadontho tofiira tosonyeza kumene anthu amakhala. Timadonthoti tathithikana kummwera, kufupi ndi malire a United States, makamaka kuchokera ku Toronto kukafika ku Montreal, pomwe kumpoto, ku Nunavut, pepala langoti mbee. Mwanayo atayendetsa chala pamenepo, anamvetsa yekha kuti kuzizira koopsa ndiponso nthaka youndana n'zimene zachititsa kuti dziko lachiwiri pa kukula padziko lonse, la masikweya kilomita pafupifupi 10 miliyoni, likhale ndi anthu pafupifupi 40 miliyoni okha, ochepa poyerekeza ndi a muno mu South Africa. Mapiri a Rocky akuoneka bwino, chimodzimodzinso nyanja ya Superior, imene kukula kwake kumaposa nyanja ya Malawi kuwirikiza pafupifupi katatu.

Chondidandaulitsa n'chakuti mayina a zilumba za kumpoto analembedwa ndi tizilembo tating'onoting'ono tovuta kuwerenga, ndiponso pepala lake ndi lopyapyala, moti ngodya imodzi inang'ambika tsiku lomwe tinawapachika pakhoma.