Kosi yolemba malipoti a madokotala: mmene ndikuionera patapita miyezi

Pomwe ndinkalembetsa maphunziro a medical transcription, ndinkauza anzanga kuti ndasankha kosi yolipira ya pa intaneti, osati mavidiyo aulere a pa YouTube, chifukwa ndinkafuna setifiketi. Kosi ndinamaliza, miyezi yadutsapo ndithu, ndipo lero ndinganene motsimikiza kuti phindu la ndalama zanga silinali papepala lija. Linali m'mawu ojambulidwa a madokotala enieni, komanso mwa mphunzitsi amene ankachonga ntchito yanga mzere ndi mzere.

Kwa inu amene simuidziwa ntchitoyi, dokotala akatha kuona wodwala amalankhula m'makina ojambulira mawu, ndiye wina amamvetsera n'kulemba lipoti lonse mwadongosolo. Kuno kwathu sizili choncho. Mukapita ku Zomba Central Hospital, adokotala amalemba ndi bolopeni m'buku la kuchipatala limene mumabwerera nalo kunyumba. Ntchito zambiri zili kunja, makamaka ku America, ndipo makosi ambiri amatsata malamulo akumeneko, monga la HIPAA la 1996 loteteza chinsinsi cha odwala.

Masabata oyamba tinkapatsidwa mawu oyera, a munthu wowerenga mosathamanga, ndipo ndinkaona ngati ntchitoyi ndi yophweka. Kenako anabwera madokotala enieni. Wina akulankhula uku akutafuna, wina akumeza mawu kumapeto kwa chiganizo chilichonse, kumbuyo foni ikulira, anthu akudutsa. Umakhala mahedifoni ali m'makutu, phazi lili pa pedulo yoimitsira ndi kubwezera mawu, kubweza kachigawo kamodzimodzi mpaka khutu litagwira. Kodi wati hypotension kapena hypertension? Loyambalo ndi kutsika kwa BP, linalo ndi kukwera. Dysphagia ndi kuvutika kumeza, dysphasia ndi kuvutika kulankhula. Celexa ndi mankhwala a matenda okhumudwa, Celebrex ndi a ululu wa m'mafupa. Ngakhale 15 mg ndi 50 mg zimamveka mofanana dokotala akakhala pachangu. Apa ndi pamene mphunzitsi anandiumba. Lamulo lake linali limodzi: ngati sunamve, siya mpata, ika chizindikiro kuti dokotala adzaone yekha, osalota ayi. Tsiku lina anandibwezera lipoti limene ine ndinkaliona kuti lili bwinobwino, atazunguliza nambala imodzi yokha, n'kulemba pambali kuti kuseri kwa nambalayo kuli munthu amene adzamwe mankhwalawo. Vidiyo yaulere singakuchitireni zimenezi, ndipo kosi iliyonse yopanda munthu wochonga ndingakuuzeni kuti muisiye, ngakhale itatchipa bwanji.

Za zipangizo n'zosavuta kwenikweni. Pulogalamu yomvetserera mawu ojambulidwa ya Express Scribe ili ndi mtundu waulere ndipo imandikwanira. Pedulo ya USB sindinaipeze m'masitolo a m'tauni muno, anachita kunditengera alamu anga pochokera ku Johannesburg. Ku Matawale kuno magetsi akathima ntchito imaima, choncho mafayilo ndimakopereratu bandulo ikadalipo, laputopu n'kukhala yodzaza moto nthawi zonse.

Ndalama ndiye zimapweteka. Fizi imalipidwa m'madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kosi yooneka yotchipa kwa munthu wa ku America kuno imadya malipiro a miyezi. Musanalipire gawo loyamba, fufuzani kubanki kwanu ngati khadi lanu lidzalole kulipira magawo otsalawo.

Koma chimene chandikhumudwitsa kwambiri ndi ichi. Ntchito imene kosi yanga inatiphunzitsa kwa nthawi yaitali, yolemba lipoti kuyambira liwu loyamba, ikuchepa. Zipatala zambiri kunjako zimagwiritsa ntchito mapulogalamu omva mawu n'kulemba okha, monga Dragon Medical ya kampani ya Nuance, imene Microsoft inagula mu 2022. Munthu amangofunika kuti akonze zomwe makina alakwitsa. Malipiro amawerengedwa pa mzere wa zilembo 65, ndipo mzere wokonza umalipidwa zochepa kuyerekeza ndi wolemba wekha. Kukonzaku ndi luso lakelake, chifukwa makina amalemba liwu lolakwika koma looneka ngati lolondola, diso n'kungodutsapo khutu likagona. Ife tinangophunzira zimenezi kumapeto, mothamanga. Komanso makampani ambiri amene ndinalemberako anandiyankha kuti amalemba anthu okhala ku America okha, nkhani imene otsatsa kosi sanaitchule n'komwe.

Safunsa anadya phula, abale anga. Alembereni eni kosiyo muwafunse ngati mawu ophunzirira ndi a madokotala enieni, ndi maola angati, komanso ndani adzachonga. Afunseni ngati amakonzekeretsa mayeso a RHDS, oyesa luso la olemba malipoti a madokotala, a bungwe la ku America la AHDI, popeza pepala limenelo limadziwika kuposa setifiketi yongoperekedwa ndi sukulu. Ndipo akuuzeni mosabisa kumene ophunzira awo a kunja kwa America akugwira ntchito. Akayamba kuzungulirazungulira pa funso limeneli, sungani ndalama zanu. Anamwino ndi ena amene anadutsa ku Malawi College of Health Sciences mawu a zachipatala amawadziwa kale, sakufunika kosi yaitali. Iwo angolimbikira kutaipa mofulumira ndi kuzoloweza khutu.

Ine pakadali pano ntchito yandipeza chapafupi. Ophunzira a ku yunivesite ku Chirunga ndi ena ochita kafukufuku wa zaumoyo amandibweretsera mafunso amene anajambula m'midzi, mayi akufotokoza m'Chichewa mmene mwana anayambira kudwala, ine n'kulemba liwu ndi liwu, kenako n'kumasulira. Ndalama zake ndi zapakatikati ndipo sizibwera mwezi uliwonse, koma amalipira m'makwacha pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwe ndapereka ntchito. Mayeso a RHDS ndikuwasungirabe ndalama pang'onopang'ono.