Khadi ya ndalama zakunja ija ndayenda nayo masabata atatu

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti khadi ija ndinatenga popita kunja inandithandiza kapena ndinangotaya nthawi, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi. Ndi ija yoti umayikamo ndalama pasadakhale kudzera pa app, kenako umazisintha wekha kukhala mapaundi, mayuro kapena madola, ndalama iliyonse ndi kathumba kake mkatimo. Makhadi oterewa amayendera pa Visa kapena Mastercard, ndiye pafupifupi paliponse pomwe pali chizindikiro chimenecho imadutsa. Ine ndinayenda nayo ku London masiku khumi, otsalawo ku Berlin ndi ku Frankfurt.

Chomwe ndinaikondera kwambiri nchakuti ukangolipira foni imalira pompopompo kukuuza kuti zatuluka zingati ndipo zatsala zingati. Zikumveka ngati zachibwana koma abale ndalama yachilendo imapusitsa, ukaona 12 pa mtengo mutu umati aaa 12 yokha, osadziwa kuti ma 12 amenewo akakwana asanu patsiku bajeti yatha. Ine ndinadziyikira malire a tsiku lililonse ndipo usiku ndisanagone ndimatsegula app nkuona pomwe ndinapyola. Masiku ambiri ndimapyola ndithu, koma bola ndimadziwa.

Ku London khadi yogunditsa ndi yofunika osati masewera. Mabasi akumeneko anasiya kulandira kashi mu 2014, umangogunditsa khadi pa kamashini kachikasu nkukhala pansi. Pa sitima zapansi umagunditsa polowa ndi potuluka, ndipo kumbukirani kugwiritsa chinthu chimodzi, mukalowa ndi foni nkutuluka ndi khadi yeniyeniyo makina amayesa ndi anthu awiri osiyana ngakhale akaunti ili imodzi. Ya mayendedwe yokhayi ndiyo siimalira pompo, amaphatikiza maulendo a tsiku lonse nkudula kamodzi, ndipo pali mlingo woti ukafika sakudulanso tsikulo.

Tsopano nkhani yomwe ndikufuna muigwiritse ndi iyi. Pa ATM kapena pa kamashini ka mu shopu nthawi zina pamabwera funso loti mukufuna tikudulireni mu ndalama ya dziko lino kapena mu ndalama ya khadi yanu. Amakulemberanso bwinobwino kuti zikhala zakutizakuti, reti yotsimikizika, ndiye umaona ngati akukuchitira chifundo. Ayi ndithu. Ukavomera kuti akudule mu ndalama ya khadi yako, amene akusintha ndalamayo ndi mwini mashiniwo pa reti yake yomwe wayikapo phindu lake, pomwe ukakana amasintha ndi a khadi yako pa reti yomwe nthawi zambiri imakhala yabwinoko. Dzina lake amati DCC. Ine ndinagwamo kamodzi ku Frankfurt, ndili wotopa ndi chikwama kumsana ndinangodina batani lomwe linali lalikulu, ndipo chopweteka nchakuti mayuro ndinali nawo kale mu khadimo, ndiye ndinalipira kusintha ndalama yomwe siimafunika kusintha. Apa khadi ilibe mlandu, chala changa ndi chomwe chinalakwa. Muli ku Germany sankhani yuro, muli ku UK sankhani paundi, ngakhale mashini akufunseni kawiri kuti mwatsimikiza.

Pomwe inandikhumudwitsa ndi ku hotela. Polowa anandipempha khadi ya dipoziti, ine osaganiza ndinapereka yomweyi. Sanadule ayi, anangogwira mapaundi 100 kuti mwina ndiononga kanthu mchipinda, koma pa khadi yoyikamo ndalama zako kugwira ndi kudula nchimodzimodzi, ndalamayo sungaigwiritse ntchito. Ndinatuluka mu hotela muja Lachisanu, a pa risepishoni akuti ife tamasula kale bwana funsani a khadi yanu, a khadi akuti tikudikira a hotela, ine pakati ngati mpira. Ndipo kuti uyankhule ndi munthu weniweni ku kampani ya khadiyi ndi ntchito, umayamba wacheza ndi kaloboti ka mu app komwe kamangokubwezera mayankho omweomwewo, nambala yoyimba kuisaka mpaka kutopa. Ndalama zinabwerera patadutsa sabata yathunthu, ine ndili kale dziko lina ndikuwerengera timakobidi. Amene ali ndi kirediti khadi apereke imeneyo pa dipoziti, chifukwa zomwe amagwira pamenepo ndi za banki osati za chakudya chako chamawa. A magalimoto ahayala ambiri ndiye amachita kunena poyera kuti akufuna kirediti khadi ya dzina la woyendetsa, zoyikamo ndalamazi sazifuna.

Ku Germany kashi ikadali ndi ulemu wake. Mashopu akuluakulu khadi bhobho, koma timalo tina tating'onoting'ono amangokulozera kachikwangwani koti kashi yokha. Ndiye ATM siungaithawe. Khadiyi imalola kutapa mwaulere mpaka mlingo winawake pamwezi, ukapyola amayamba kudula, ndipo ma ATM ena aja amangoyima okha pafupi ndi masiteshoni amawonjezeranso chindapusa chawo pamwamba. Ndinaphunzira kusaka ATM ya pakhoma pa banki nkutapa zokwanira kamodzi mmalo motapa pang'onopang'ono. Ku bureau ya pa eyapoti ndinangoyang'ana reti nkupitirira.

Za kashi zomwezi, wachibale wina anandipatsa ka £20 komwe anasunga kalekale kuti ndikagulire madzi, kufika nako mu shopu ku London akukana, kani zapepala za £20 ndi £50 zinasiya kugwira ntchito kumapeto kwa September 2022, pano ndi zapulasitiki. Zakalezo amasintha ku Bank of England koma ine sindinapeze nthawi, kakadali mu pasipoti mpaka lero. Ndipo amene mumakonda kunyamula mpukutu, polowa kapena potuluka mu EU ndi mayuro 10,000 kapena kuposa mumayenera kuuza a kasitomu.

China chomwe chinandisangalatsa, pogula tikiti ya sitima pa intaneti khadiyi imakufunsa mu app momwemo kuti ndiwedi, umangodina kuvomera, Wi-Fi yokha yakwana. Khadi yanga ya ku banki yomwe ndinatenga ngati sipeya imatumiza kodi pa SMS ku SIM yomwe kunjako inalibe netiweki, ndiye pa intaneti inali yongonyamula. Tsiku linanso ndinayesa ndataya khadi, ndinaitseka pa app nthawi yomweyo, kenako nkuipeza mthumba la jekete nkuitsegulanso, osayimbira munthu. Kuipa kwake nkomweko, zonse zili mu foni, batire ikatha kapena foni ikabedwa watsala manja mkhosi. Nchifukwa chake sipeya ija ndi timayuro pang'ono ndimazisiya mchikwama china, osati mu waleti imodzi.

Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 4, imodziyo yapita ndi kaloboti kaja. Ulendo wina ndiitenganso, mwatsala mayuro 30 ndi timasenti mkatimo, koma pa risepishoni ya hotela siidzatulukanso mthumba.