Mbiri ya Mary Prince kapena madayale a Thomas Thistlewood?

Wofuna kuphunzira za moyo wa akazi amene anali akapolo ku Caribbean amakumana ndi magwero awiri otchuka. Loyamba ndi mbiri ya Mary Prince, mayi wobadwira ku Bermuda, yomwe inasindikizidwa ku London mu 1831. Lachiwiri ndi madayale (mabuku olembamo zochitika za tsiku ndi tsiku) a Thomas Thistlewood, Mngelezi amene anali kapitawo, kenako mwini akapolo, ku Jamaica kuyambira 1750 mpaka 1786.

Mbiri ya Prince imapezeka ulere pa intaneti ndipo munthu amaimaliza tsiku limodzi.
Madayale ndi mabuku oposa 30 olembedwa pamanja, osungidwa ku yunivesite ya Yale.

Prince akufotokoza yekha mmene ankaimira m'madzi amchere ofika m'mawondo ku Turks Island mpaka miyendo kutuluka zilonda, ndi mmene ankachapira zovala ku Antigua akudwala nyamakazi, ngakhale kuti amene anamulembera ndi Susanna Strickland ndipo Thomas Pringle anakonza mawuwo.
Thistlewood akulemba tsiku ndi tsiku za akazi olima nzimbe, okwapulidwa ndi ogwiriridwa ndi iye mwini, popanda chisoni chilichonse, ndipo kuwerenga zimenezi kumapweteka mtima. Komabe m'menemo timaona Phibbah, mayi wina amene anali kapolo, yemwe ankasoka, kuweta ziweto ndi kumubwereketsa Thistlewood ndalama.

Wophunzira wongoyamba kumene ayambe ndi Prince, chifukwa mayiyo ayenera kumvedwa poyamba. Madayale akuyenera wofufuza amene ali ndi nthawi, wokumbukira kuti wolembayo ndiye wozunzayo.