Situdiyo ya pa Nchalo yojambula ndakatulo: ntchito ndi yabwino, koma kiyibodi yanyanya

Kuseri kwa mashopu a pa Nchalo, mukapatuka pang'ono pamsewu wa M1 wochokera ku Chikwawa kulowera ku Ngabu, kuli situdiyo yaing'ono imene poyamba inkadziwika ndi kujambula makwaya a m'mipingo, koma masiku ano alakatuli a kuno kuchigwa ndi amene akuikhamukira akafuna kuti mawu awo amveke pa wailesi ndi m'mafoni. Ndinajambulitsako ndakatulo zanga ndipo ndamvera zambiri zotuluka m'chipinda chimenechi. Ndikuilimbikitsa kwa aliyense wolakatula, ngakhale pali zinthu zina zimene zikundidetsa nkhawa.

Chipindacho ndi chopanikiza. Makoma ake anawamata ndi matileyi a mazira, pachitseko anapachikapo bulangete lochindikala, ndipo nthawi yojambula ikakwana fani amaizimitsa kuti isasokoneze mawu, kotero kuti m'mwezi wa Okutobala munthu amamaliza ndime yachiwiri malaya atanyowa kale ndi thukuta. Komabe mawu amatuluka oyera, opanda phokoso la njinga zamoto kapena la mathirakitala onyamula nzimbe. Magetsi akazima ntchito siima chifukwa ali ndi batire ya sola. Amalipiritsa pa ndakatulo iliyonse osati pa ola, ndipo zimenezi zimathandiza munthu wosazolowera maikolofoni, amene amafunika kubwereza kangapo asanakhazikike mtima. Ntchito ikatha amakutumizirani pa WhatsApp kapena kukuikirani mu memory card.

Chimene ndikuyamikira koposa ndi chakuti mnyamata wojambulayo sakonza chilankhulo cha munthu. Kuyambira mu 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, ana a kuno anakula akumva kusukulu ndi pa wailesi kuti kalankhulidwe ka Chimang'anja ndi Chisena ndi ka kunyumba ndi kumsika basi, ndipo mpaka lero alakatuli ena akaima pamaikolofoni amayamba kulankhula ngati owerenga nkhani. Iye akamva zimenezo amaimitsa kompyuta n'kunena kuti, "Mayi, nenani mmene munanenera panja paja, musasinthe." Mawu ochepa amenewa apulumutsa ndakatulo zambiri, chifukwa maganizo a munthu amayenda bwino m'chilankhulo chimene amaliriramo maliro.

Kulankhula zakukhosi kudzera m'mawu oluka si chinthu chachilendo m'chigwa muno. Amayi akhala akudzudzula amuna awo ndi apongozi awo m'nyimbo za pamtondo, mudzi wonse n'kumva popanda woimba mlandu. Ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, chilala ndi madzi osefukira sizinkaonedwa ngati ngozi wamba, koma ngati chizindikiro chakuti pali chimene chalakwika pakati pa anthu ndi atsogoleri awo, ndipo mawu ochokera kumeneko ankatha kudzudzula ngakhale mafumu. Pamene atsamunda ankakakamiza alimi kulima mizere m'zaka za m'ma 1950, anthu a kuno anakana mpaka nthawiyo inatchedwa nkhondo ya mitumbira. M'nthawi ya chipani chimodzi mlakatuli ankayenera kubisa tanthauzo m'mikuluwiko, ndipo ngakhale atabisa chotero, Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ndikutchula zonsezi chifukwa ndi muyezo umene ndikuyezera situdiyoyi: kodi ikuthandiza anthu kunena zimene akuganizadi, kapena ikungokongoletsa zimene ena anawauza kuti anene?

Ndakatulo ziwiri zojambulidwa pamalopa zikundichititsa kunena kuti nthawi zambiri ikuthandizadi. Yoyamba ndi ya mayi wina wa kutsidya kwa Shire, kudera la Makhanga. Madzi atasefukira mu Januwale 2015, kenako namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndi wa Freddy mu 2023, dziko lonse lakhala likufunsa funso limodzi lakuti bwanji anthu a kuchigwa sasamukira kumtunda, ndipo ena amawonjezera chipongwe chakuti timakonda thandizo laulere. Mayiyu satsutsa kusamuka. Amangowerengera modekha zimene dimba limam'patsa madzi akaphwera: chimanga chachiwiri, mbatata, nyemba ndi maungu, komanso nsomba za m'dambo ndi nyika, mizu ya zomera za m'madzi, zimene amakumba chaka cha njala. Kenako amafunsa kuti pamalo amiyala amene akum'lozerawo adzakolola chiyani, nanga manda a amayi ake adzasesa ndani. Palibe mzere umene amatukwana munthu, koma mukamaliza kumvera mumazindikira kuti kwa iye nthaka si malo ogona chabe, ndi ubale wa amoyo, akufa ndi osabadwa, ndipo ndondomeko iliyonse yosamutsa anthu imene siyankha mafunso akewo yangoyankha theka la nkhaniyo. Ndinamva ndakatuloyi ikulira m'foni ya wakabaza pa Bangula, anthu atazungulira n'kumatsutsana, ena akuti mayiyo akunena zoona, ena akuti moyo ndi woyamba.

Yachiwiri ndi yokhudza mwambo wa kulowa kufa, woumiriza mkazi wamasiye kugona ndi mwamuna wina ati pofuna kuchotsa tsoka la imfa. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 linaletsa miyambo yoika anthu pachiwopsezo, ndipo mlandu wa fisi umene unazengedwa ku Nsanje mu 2016 unatichititsa manyazi dziko lonse lapansi likuona. Koma lamulo limaopseza, silichotsa mantha amene mkazi wamasiye amakhala nawo akauzidwa kuti akakana mwambo ana ake adzatha. Bambo wachikulire amene analakatula ndakatuloyi anasankha kulankhula ngati mzimu wa mwamuna womwalirayo, amene akufunsa abale ake kuti ndi liti pamene iye anapempha kuti mkazi amene anamusamala pa matenda achititsidwe manyazi m'dzina lake. Imeneyi ndi nzeru yakuya, chifukwa sakunyoza chikhulupiriro cha mizimu, koma akulowa mkati mwake n'kuchigwiritsa ntchito pomasula mkaziyo. Wojambula anachita bwino kusiya mpata wautali pakati pa mafunsowo, osadula kupuma kwa bamboyo.

Tsono apa ndi pamene dandaulo langa lalikulu likubwera. Pafupifupi ndakatulo iliyonse yotuluka m'situdiyoyi amaiyalira kanyimbo ka kiyibodi komweko, kachisoni, kobwerezabwereza, n'kuwonjezera eko yochuluka. Ndakatulo ya madzi osefukira, ya chikondi, yotamanda mfumu, zonse zimavala malaya amodzi, ndipo womvera amauzidwiratu kuti amve chisoni asanamve n'komwe mawu. Pa ndakatulo ya mayi wa ku Makhanga kanyimboko kakuphimba mkwiyo wake wodekha n'kumusandutsa wopempha chifundo, chimene iye sanafune. Zimandipweteka kwambiri chifukwa chigwa chino ndi kwawo kwa ulimba, chida chachikulu cha timatabwa toimba pomenya, ndi ng'oma za utse ndi likhuba, ndipo oimba zida zimenezi alipo m'midzi yoyandikana ndi Nchalo. Nditafunsa, yankho linali lakuti makasitomala anazolowera kiyibodi ndipo ulimba sungalowe m'chipindamo. Chifukwa chachiwirichi ndi chomveka, koma ulimba ukhoza kujambulidwa pabwalo m'mawa kusanayambe phokoso, n'kusungidwa mu kompyuta.

Palinso nkhani ya ndakatulo zolamulidwa ndi mabungwe. Sindikudana nazo, popeza alakatuli ayenera kudya, ndipo uthenga wa kolera kapena woletsa kukwatiwitsa ana osakwana zaka 18 ndi wofunika. Vuto ndi lakuti ntchito zoterezi zimalipira bwino, motero zimapatsidwa malo oyamba, ndipo kalembedwe kake kayamba kulowerera achinyamata. Ndamva wojambula akulangiza mtsikana wina kuti awonjezere ndime yopempha boma ndi mabungwe kuti achitepo kanthu, ati kuti wailesi iikonde, chonsecho ndakatulo yake inali itatha kale bwino pa funso limene anafunsa bambo ake. Kale mlakatuli ankaopa ndende, lero akuopa kuti wolipira sakondwa, ndipo zotsatira zake zikufanana pang'ono, chifukwa funso lovuta limachotsedwa.

Chomaliza ndi umwini. Pakhomo pa situdiyoyi amakoperanso anthu nyimbo m'ma memory card, ndipo ndakatulo zojambulidwa mkatimo zimalowa m'gulu lomwelo popanda pangano lolembedwa, nthawi zina ngakhale dzina la mlakatuli osalembapo. N'zoona kuti njira imeneyi ndi imene yafalitsa ntchitozi mpaka ku Marka, koma dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016 komanso bungwe loteteza umwiniwo la COSOMA, ndipo situdiyo yosamala iyenera kuuza makasitomala ake za ufulu wawo. Komanso zonse zimasungidwa mu kompyuta imodzi yokha, m'dera limene madzi amalowa m'nyumba.

Amene mukufuna kupitako, pitani m'mawa kusanatenthe, ndipo muloweze ndakatulo yanu pamtima chifukwa maikolofoni yawo imatola ngakhale kukhwekhwesa kwa pepala. Mugwirizane pasadakhale ngati mukulola kuti ikoperedwe kwa ena, mutchule dzina lanu ndi mudzi wanu koyambirira kwa chojambulacho, ndipo muumirire kuti akupatseni makope awiri, ina yokhala ndi nyimbo ndi ina ya mawu okhaokha. Kope ya mawu okhaokhayo salipiritsa padera, koma sapereka ngati simunapemphe.