Citi Golf yanga itakwera pa dyno ku Germiston

Galimoto yanga ndi Citi Golf ya 1996, ya 1.6, zija zinkapangidwa ku Uitenhage. Ndinaigula ili ndi kabureta, ndipo m'nyengo yozizira ya kuno ku Johannesburg, mu June ndi July, inkafuna kuinyengerera m'mawa uliwonse. Chaka chatha ine ndi alamu anga, omwe ndi amakaniko, tinachotsa kabureta uja. Tinaika manifold (mapayipi olowetsa mpweya mu injini) ya mtundu wa MP9 yogula kusikirapu, ma injector anayi opopera petulo mu injini, bokosi la kompyuta la Dicktator, payipi yobweza petulo kuthanki, ndi pampu yatsopano, chifukwa ma injector amafuna petulo wokankhidwa ndi mphamvu ya 3 bar pamene pampu ya kabureta siifika ndi theka lomwe la bar imodzi.

Injini italira koyamba tinakumbatirana. Koma mapu amene tinalowetsa m'bokosimo, ndiye kuti manambala ouza kompyuta petulo woti ithire ndi nthawi yoti mapulagi athethekere moto, anali a galimoto ya mnzathu ya 1.8. Sabata isanathe mapulagi anali bii ngati mphika wa pa nkhuni, oyilo akununkha petulo, ndipo pamaloboti galimoto inkangozima. Alamu anandiuza mosabisa: "Alamu, za mawaya ndi zitsulo ndamaliza. Zatsalazi n'za munthu wa dyno."

Dyno ndi makina amene galimoto imakwerapo, matayala n'kumazungulira pamalo amodzi, kuti injini iyezedwe ngati ili pamsewu. Ndimo mmene ndinafikira pagaraja ina yaing'ono pakati pa mafakitale a ku Germiston. Mwini wake ndi bambo wachikulire, wosachulutsa mawu, ndipo ntchito yake ndi kutchuna makompyuta a injini basi.

Chimene chinandikopa mtima ndi choti anakana kuikweza pa dyno asanaiyendere. Anatenga timing light, tochi yoonera nthawi imene mapulagi akuthetheka moto, n'kuona ngati madigiri a nthawiyo olembedwa pa laputopu akugwirizana ndi amene injini ikuchitadi. Anasiyana ndi madigiri 6. Kenako anagwira kapayipi kopyapyala kochoka pa manifold kupita ku MAP sensa, yoyeza mphamvu ya mpweya mu manifold, n'kukapinda pang'ono pamaso panga: kanali ndi mng'alu wonga wa lezala. Mpweya unkalowera pamenepo, kompyuta n'kumaganiza kuti ndaponda moto, n'kumathira petulo wambiri. Kapayipi ka mtengo wa buledi ndi kamene kankandidyera ndalama.

Atamanga galimoto ndi malamba pa dyno, analowetsa mu ekizozi sensa ya wideband, yoyeza kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi petulo. Pa sikirini panabwera 10.8 galimoto ikuyenda mofatsa. Petulo amapsa bwino pamene pali magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, choncho yanga inkamira m'mafuta. Apa ndiye anakhalitsa, pakati pa 2,000 ndi 3,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), phazi ataliika pang'ono chabe, akusintha kabokosi kamodzikamodzi ka mapu mpaka nambala ikhazikike. Anyamata ambiri amapita ku dyno kukafuna pepala losonyeza mphamvu, koma iye anati galimoto yopitira kuntchito imathera moyo wake m'timabokosi timeneti. Zoponda mpaka pansi anazichita kumapeto, katatu kokha, n'kusiya nambala ya pa sikirini ija ili pafupifupi 13.

Nditamuuza kuti mu December ndipita nayo kumudzi ku Mwanza, anaima kaye. Anandionetsa kuti kuno, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ngakhale uponde chotani MAP sensa imathera cha pa 83 kPa, pamene kumalo otsika imayandikira 100. Ndiye kuti mizere yapamwamba ya mapu, injini yopanda turbo siingaifike pa dyno ya ku Johannesburg, koma ukangotsikira kuchigwa cha Zambezi imayamba kugwira ntchito. Anaidzaza mosamala potsata mizere yam'munsi, petulo wochulukirapo pang'ono, n'kubweza moto ndi madigiri awiri kuopa kutentha ndi petulo wam'njira. Palibe amene anandiuzapo zimenezi, ndipo pa ichi chokha ndimamupatsa ulemu.

Galimoto inagona komweko kuti aitchune injini itazizira. M'mawa ndinaimirira pambali iye akupotokola kiyi osaponda chilichonse. Inalira nthawi yomweyo, n'kumatsika yokha pang'onopang'ono madzi akamatentha.

Zondikhumudwitsa zilipo. Anandiuza kuti ndifike 8 koloko, koma yanga anaigwira 1 koloko itadutsa, chifukwa magalimoto awiri a mpikisano amene anabwera m'mbuyo mwanga analowa patsogolo. Pokhala palibe, ndinaswera pa tayala. Za ndalama yoonjezera yogoneka galimoto ndinazimva polipira, zomwe si bwino kwa munthu amene wawerengera kale malipiro ake a mwezi. Komanso mapu anga ndinachita kupempha kawiri kuti andiikire pa fulashi. Musachoke pamalo otere opanda fulashi imeneyo, chifukwa bokosi likadzapsa mudzayambiranso pachiyambi.

Paulendo tinadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Zobue, tili anthu anayi ndi katundu wodzaza buti. Injini siinagogode ngakhale kamodzi, ngakhale pokwera kuchoka ku Tete dzuwa likuswa mtengo. Lita imodzi, yomwe isanatchunidwe inkanditengera makilomita 8, inkafika 13. Vuto linali limodzi: tikaima kanthawi pamalo otentha, monga pamzere wa pachipata, inkachedwa kulira. Nditabwerera mu January ndinamufotokozera. Anati sensa yoyeza kutentha kwa mpweya imawotchedwa ndi manifold injini ikazima, kompyuta n'kuchepetsa petulo mopitirira. Anakonza manambalawo kwa mphindi 20, osandilipiritsa.

Alamu tsopano akusintha bakkie yawo ya Nissan 1400. Ndawauza kuti akamaliza tipite nayo komweko, koma tikapangane mtengo wonse tisanapereke kiyi, ndipo tikasankhe tsiku lapakati pa sabata pamene a mpikisano sachuluka.