Ndamaliza 3HP, mankhwala a TB yogona: mmene ndawaonera

Ndine telala wa pakhonde ku Ndirande, ndipo ndili pa ma ARV. Tsiku lina ndikukatenga mankhwala, anamwino anandifunsa ngati ndikutsokomola, kuwonda kapena kutuluka thukuta usiku. Ndinati ayi. "Ndiye muyambe 3HP, bambo."

Ndinatsutsa kaye. Munthu wosadwala, mapiritsi enanso a chiyani? Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti tizilombo ta chifuwa chachikulu timatha kugona m'thupi zaka zambiri osakupweteka, n'kudzadzuka chitetezo chikatsika. Bungwe la WHO limati pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko lapansi anatengapo tizilomboti. Vuto lake, mankhwala ambiri amapha bwino kachilombo ka TB kakamaswana. Kogona kamangokhala phee, kuwadikira adutse. N'chifukwa chake wodwala TB amamwa mankhwala miyezi 6 ngakhale chifuwa chitasiya msanga.

Mu 3HP muli mankhwala awiri, rifapentine ndi isoniazid, ndipo mumamwa kamodzi pa sabata kwa masabata 12, pamodzi ndi vitamini B6 woteteza dzanzi m'mapazi. Mlamu wanga anamwapo isoniazid yekha wa tsiku ndi tsiku, anatopa nawo n'kusiyira panjira. Apa ndiye 3HP yapambana.

Koma kamodzi pa sabata kamaiwalika, musanamizidwe. Ndinasankha Lamlungu ndikadya nsima ya masana, n'kumalemba mzere ndi choko changa chodulira nsalu pa chitseko cha kuchipinda. Kupanda mizere imeneyo ndikanadumphitsa kawiri.

Chondikwiyitsa n'chimodzi. Palibe anandichenjeza za mkodzo! Madzulo a tsiku loyamba unatuluka wofiirira ngati Fanta, mayi a kunyumba mpaka kuyamba kufunafuna ndalama ya kabaza. Kuchipatala anangoseka, amvekere ndi rifapentine ameneyo, sizoopsa. Mawu awiri okha akananditeteza ku mantha a usiku wonse. Sabata yachitatu ndinamva kuphwanya thupi ngati malungo, koma mawa lake ndinali pa makina anga osokera.

Amayi amene muli pa kulera, makamaka ka pamkono, nenani musanayambe, chifukwa mankhwalawa amafooketsa mphamvu ya njira zina.

Ndimapereka 8 pa 10. Ziwiri ndachotsera kusachenjeza kuja ndi kukula kwa mapiritsi. Bedaquiline, mankhwala ena a TB amene amagwira ngakhale tizilombo togona, anavomerezedwa mu 2012 patadutsa zaka pafupifupi 40 popanda mtundu watsopano wa mankhwala a TB, koma pano amapatsidwa kwa a TB yosamva mankhwala. Akadzapeza wotere woti wogonayo afe m'sabata imodzi, mlamu wanga ndidzamuperekeza ndekha.