Encomium: chimbale cha mapaundi awiri chomwe chandiyankha funso lakale

Loweruka lapitali ndinalowa mu kasitolo kena ka zakaunjika kuno ku Leeds kufuna jekete, jeketeyo sindinaipeze koma mu bokosi la ma CD pansi pa shelefu ndinatola chimbale cha Encomium, chija oimba osiyanasiyana anasonkhana kuimba nyimbo za Led Zeppelin, bandi ya rock ya ku England, mu 1995 pansi pa Atlantic Records. Mapaundi awiri basi. Chikesi chake chosweka pakona, kabuku ka mkati kali ndi dontho la khofi, koma CD yeniyeniyo ilibe nkhwaule olo imodzi. Ndakhala ndikuiika mugalimoto popita ndi pobwera kuntchito sabata yonse ndiye ndati ndilembeko.

Choyamba ndinene kuti ine Zeppelin ndinaidziwira kwa malume, amene anakhalako ku Kitwe zaka za m'ma 70 nthawi ija anyamata a ku Zambia ngati WITCH, Amanaz ndi Paul Ngozi ankaliza magitala okalipa. Anabwera nawo makaseti ndipo ankatiuza kuti "iwe mwana, tamvera ng'omayo, usamvere mawu". Ndiye pa zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa kuti nanga bwanji nyimbo za Bob Dylan aliyense amaimba, za Beatles ngakhale mu lifiti umazimva, koma za Zeppelin, Deep Purple kapena AC/DC oimba ena akuluakulu amangozizemba? Ma bandi a mu pub amaziimba inde, ndipo alipo ma bandi amene ntchito yawo ndi kutsanzira basi mpaka mawigi, koma kuti woimba wodziwika atenge nyimbo ya Zeppelin aipange yake ifike pa wailesi, ndi zochepa kwambiri. Chimbale ichi chandiyankha, ngakhale sikuti ndi zimene eni ake ankafuna kutiphunzitsa kkkk.

Tayang'anani kaye mndandanda. Pa kope yanga pali nyimbo 12 ndipo palibe Stairway to Heaven, palibe Kashmir, palibe Whole Lotta Love, palibe Black Dog, Immigrant Song kulibenso. Tangoganizani, anthu asonkhana kudzalemekeza bandi ndipo aliyense wathawa nyimbo zikuluzikulu zonse, ngati pa maliro pomwe aliyense akufuna kunyamula nkhata koma bokosi ayi. Ine poyamba ndinakhumudwa, kenako ndinaona kuti anachita mwanzeru, amadziwa pomwe pali moto.

Imene ndinaikonda kuposa zonse ndi Dancing Days ya Stone Temple Pilots. Anyamatawa ndi a rock yolemera ndithu, akanatha kuyatsa ma amp mpaka kumapeto, koma anaizimitsa, magitala a acoustic, Scott Weiland akuimba motsitsa ngati munthu wakhala pakhonde madzulo. Riff ija yopindika, kaimbidwe kobwerezabwereza ka gitala ya Jimmy Page wa Zeppelin, ikadalipo koma yavala malaya ena. Ndaibwereza mwina kakhumi. Yachiwiri ndi Hey Hey What Can I Do ya Hootie & the Blowfish, ndipo apa pali chinsinsi, nyimboyi inali kuseri kwa single ya Immigrant Song mu 1970, siinali pa chimbale chilichonse cha bandiyo nthawi imene ankaimba, ndiye anthu ambiri analibe nayo chikumbukiro choti ayerekezere. Komanso ndi nyimbo yoti munthu mmodzi ndi gitala akhoza kuimba pamoto, ili ndi ma chord, ili ndi kolasi, mawu a Darius Rucker okhuthala aja akukwanamo bwinobwino. Tangerine ya Big Head Todd and the Monsters ndi chimodzimodzi, yofatsa, yabwino, siikuvutitsa munthu.

Ndiye mwaona kale, zomwe zayenda bwino ndi zija zofewa. Zikafika pa zolemera mpamene nkhani ikuvuta.

Tengani Four Sticks ya Rollins Band. Dzina la nyimboyi linabwera chifukwa John Bonham, woimba ng'oma wa Zeppelin, anaiimba atagwira timitengo tinayi, tiwiri dzanja lililonse, ndipo kawerengedwe kake kamasinthasintha pakati pa zisanu ndi zisanu ndi chimodzi, moti ukamagwedeza mutu umapezeka wasochera. A Rollins Band ndi akatswiri, sakuphonya kanthu, mphamvu zilipo zochuluka, koma Henry Rollins saimba ngati Robert Plant, mwini mawu wa Zeppelin, ndipo sakuyesa n'komwe, akungokalipa, ndiye nyimbo ija yomwe inali ngati kamvuluvulu yasanduka khoma. Custard Pie ya Helmet ndi David Yow nayo ndi phokoso lokoma kwa amene amakonda zotero, ine ndinaseka koyamba, kachiwiri ndinadumpha. Good Times Bad Times ya Cracker ndiyo inandionetsa bwino vuto. Pa yoyambirira ya 1969 Bonham amamenya bass drum ndi phazi limodzi mofulumira moti oimba ng'oma ambiri ankaganiza kuti ali ndi ng'oma ziwiri pansi. Chotsani phazi limenelo, mwatsala ndi nyimbo ya rock wamba ya mphindi zitatu yomwe bandi iliyonse ya mu garaja ikanalemba.

Ndipo apa mpamene ndinamvetsa zomwe malume ankatanthauza. Nyimbo ya Dylan ndi mawu ndi ma chord, ukhoza kuivula zonse n'kuiveka zako, nchifukwa chake Jimi Hendrix anatenga All Along the Watchtower mu 1968 mpaka mwini wake anayamba kuiimba motsatira iyeyo. Koma nyimbo ya Zeppelin siili papepala. Ili mu dzanja la Bonham lomwe limagwa mochedwa pang'ono ngati munthu wonenepa akutsika masitepe, ili mu khosi la Plant, ili mu bass ya John Paul Jones yomwe anthu saitchula koma ndi imene imamanga zonse, komanso ili m'mene Page ankaikira ma maikolofoni. When the Levee Breaks ng'oma zake anazijambulira pansi pa masitepe a nyumba ya Headley Grange, ma maiki atapachikidwa m'mwamba, ndiye mkokomo umene mumamva uja ndi wa nyumbayo. Uimba bwanji nyumba? Nchifukwa chake a Beastie Boys mu 1986 sanavutike n'kuimba, anangodula ng'omazo momwe zilili n'kuziika mu nyimbo yawo, ndipo ambiri a hip hop anachita zomwezo. Zeppelin anthu amaidula, saiimba.

Eni akenso zinawavuta, musaiwale. Bonham atamwalira mu September 1980 ali ndi zaka 32 bandi inatha chaka chomwecho, sanafune n'kuyesa kulemba wina ntchito. Atakumananso pa konsati ya Live Aid mu 1985 anaika oimba ng'oma awiri, Phil Collins ndi Tony Thompson, onse akatswiri, koma zinayenda moipa moti anakana kuti gawo lawo lilowe mu DVD. Mu 2007 ku O2 Arena ku London zinayenda bwino ndi mwana wake Jason Bonham, komabe nyimbo zina anazitsitsa kiyi kuti Plant afikire. Ngati mwini khosi akutsitsa, iwe wa ku pub ndiwe ndani amwene. Ian Gillan wa Deep Purple nayenso anasiya kalekale kuimba Child in Time pa siteji chifukwa cha kukuwa kuja. Za AC/DC zimaoneka zophweka, ma chord atatu, mwana aliyense wophunzira gitala amayambira pomwepo, koma yesani kuimba ngati Brian Johnson mphindi zisanu muone ngati mawa mulankhula.

Ena amati vuto ndi chilolezo, eti Zeppelin ndi okhwima pa nyimbo zawo. Pa mafilimu ndi zotsatsa malonda ndi zoona, Jack Black anachita kuwapempha pa kanema ndi chikhamu cha anthu kumbuyo kwake kuti alole Immigrant Song mu filimu ya School of Rock. Koma kuimbanso nyimbo yomwe inatuluka kale, ku America sufunika kugwada kwa mwini wake, umangolipira ndalama yokhazikika basi. Ndiye si loya amene akuletsa anthu, ndi mantha, komanso nzeru. Ndipo choseketsa n'chakuti Zeppelin yomweyo inali katswiri wotenga za ena, Levee ija ndi ya Memphis Minnie ndi Kansas Joe McCoy ya 1929, ndipo pa Whole Lotta Love Willie Dixon anachita kuwasumira kuti dzina lake lilembedwe. Iwo ankatenga blues n'kuisandutsa chilombo. Chilombocho ndi chomwe ena akulephera kuchikweza pa bodi.

Tibwerere ku CD. Sheryl Crow waimba D'yer Mak'er, ija ya kayendedwe ka reggae yomwe dzina lake ukalitchula mwachingelezi cha kuno limamveka ngati Jamaica. Ife amene tinakulira reggae khutu lathu ndi lovuta pa nkhaniyi, ya Zeppelin yeniyeniyo si reggae, Bonham akumenya ngati akuswa miyala, ndipo kukoma kwake n'komweko. Ya Sheryl ndi yosalala, yoseweretsa, mkazi wanga ndi imene waikonda ndipo akuti ndikuchita nayo nkhanza. Mwina. Misty Mountain Hop ya 4 Non Blondes ndi yoyamba pa chimbale, Linda Perry khosi ali nalo zedi, mwa onse ndi iye amene wafika pafupi ndi Plant, koma ndi pomwe pali msampha wina, ukafanana kwambiri womvera amangoti aaa bwanji ndingoika yeniyeniyo. Duran Duran pa Thank You ayesetsa, ndi yoyera bwino ngati chipinda cha hotela. Out on the Tiles ya Blind Melon ili ndi kakufwasuka kena kosangalatsa, ndipo imandimvetsa chisoni podziwa kuti woimba wawo Shannon Hoon anamwalira chaka chomwecho cha 1995. Never the Bride sindinkawadziwa, Going to California yawo ndi piyano ndi mawu, yabwinobwino.

Yomaliza ndi Down by the Seaside, Robert Plant mwini wake ndi Tori Amos. Ndi yaitali, yochedwa, mbali zina ngati akungocheza pa piyano usiku magetsi atazima, ndipo ndikudziwa kuti ambiri amaidumpha. Ine tsiku lachitatu ndili pa mzere wa magalimoto mvula ikuwaza ndi pomwe inandigwira. Plant sakuyesa kukhala mnyamata wa 1975 uja, akuimba pansipansi, Tori akumuzungulira. Ngakhale mwini nyimbo, kuti aibwerezenso anachita kuiphwasula kaye. Zinandikumbutsa Dread Zeppelin, aja ankaimba nyimbo za Zeppelin mwa reggae woimba wake atavala ngati Elvis, zopusa ukamva koyamba koma Plant yemweyo ankawayamikira. Ndi bandi ya Heart pa mwambo wolemekeza Zeppelin ku Kennedy Center mu 2012, Ann Wilson ndi kwaya yonse kumbuyo pa Stairway, Plant misozi ili m'maso. Zimatheka ndithu, koma taonani zomwe zinafunika, mmodzi mwa akazi a mawu amphamvu kwambiri mu rock, kwaya, ndi mwana wa Bonham pa ng'oma.

Kamvekedwe ka CD ndi kabwino, sikophulika ngati zimbale za masiku ano, mugalimoto bass ikumveka bwino osagwedeza zitseko. Vuto ndi loti nyimbo iliyonse inajambulidwa kwina ndi anthu ena ndiye sizikugwirana, kuchoka pa Sheryl Crow kufika pa Helmet ngati wasintha siteshoni mwangozi.

Mugule? Pa mapaundi awiri eya, ngakhale asanu. Kuposa apo ayi, ingofufuzani Dancing Days, Hey Hey What Can I Do ndi Down by the Seaside pa YouTube kapena Spotify ngati zilipo kwanuko. Ngati Zeppelin simukuidziwa musayambire pano chonde, yambani ndi chimbale chachinayi chija cha 1971 chopanda dzina, cha mdala wosenza nkhuni pachikuto. Ine ndikuipatsa 6 pa 10. CD ikhala mugalimoto sabata inanso, kenako ndiitumiza kwa malume ndi munthu amene akupita kumudzi mwezi wamawa, ndikudziwa kale kuti akafika pa Cracker adzandiimbira foni kundifunsa kuti ng'oma zapita kuti.